Pimitsani Musanadwale

Mphunzitsi wa ku Phwezi, m'boma la Rumphi, sadikira mayeso a Fomu 4 kuti adziŵe ngati mwana akumva masamu. Amamuyesa teremu iliyonse. Chotidabwitsa nchakuti mphunzitsi yemweyo amatha zaka 10 osapimitsa thupi lake, namati ali bwino poti palibe pamene pakuŵaŵa.

Kuthamanga kwa magazi sikuŵaŵa ayi. Kumaononga mitsempha, mtima ndi impso mwakachetechete, kufikira tsiku limene munthu agwa choko chili m'manja, mbali imodzi ya thupi itafa. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2009 adapeza kuti mwa Amalaŵi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali ndi vutoli, ndipo ambiri sadali kudziŵa.

Kupimako nkwa mphindi zoŵerengeka, ndipo pa chipatala cha Boma cha Rumphi salipiritsa. Tikupempha aphunzitsi aakulu ndi akuluakulu a maphunziro kuti atsogole ndiwo pa tchuthi chikudzachi. Apimitsenso shuga, ndipo aonetsetse kuti manambala alembedwa m'kabuku ka kuchipatala, kuti dokotala adzawayerekeze ndi a ulendo wotsatira.