Nthawi za Mneni wa Chingerezi "Go" ndi Ophunzira a m'Chigwa cha Shire

1. Mawu Oyamba

Cholinga cha pepala lino ndi kufotokoza nthawi za mneni mmodzi wa Chingerezi, "go", ndi kuonetsa chifukwa chake ophunzira a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje amavutika naye mosiyana ndi anzawo a kumtunda. Tasankha mneniyu popeza mwana amakumana naye akangoyamba sukulu, ndipo sasiyana naye mpaka pa mayeso a MSCE, pomwe wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza maphunziro ena onse. Mfundo yathu ndi yakuti kuloweza pamtima mndandanda wa "go, went, gone" sikukwanira. Vuto lalikulu lagona pa tanthauzo, ndiponso pa chiyankhulo chomwe mphunzitsi amadzera pomasulira.

2. Maonekedwe a Mneni

M'Chichewa muzu wa mneni susintha. Nthawi imasonyezedwa ndi mphatikiram'kati: ndi-ku-pita, ndi-ma-pita, nd-a-pita, ndi-da-pita, ndi-dza-pita. Aneni ambiri a Chingerezi nawonso amasunga muzu, n'kungolandira -ed kumapeto. Koma alipo aneni pafupifupi 200 osatsata lamuloli, ndipo "go" amaposa anzake ambiri, pakuti m'nthawi yakale muzu wake umachokeratu n'kubwera wina. Mbiri ya chiyankhulocho imatiuza chomwe chidachitika. M'Chingerezi chamakedzana nthawi yakale ya mneniyu idali "eode". M'zaka za m'ma 1400 malowo adalandidwa ndi "went", yemwe adali nthawi yakale ya mneni wina, "wend", wotanthauza kukhota kapena kulowera kwina.

Khalidwe lotere si lachilendo kwa ife. Timati "ndili pano" ndi "ndinali pano", koma m'nthawi yam'tsogolo timati "ndidzakhala pano". Muzu -li umasiyira malo muzu -khala, ndipo palibe mwana amene amadabwa nazo. Mphunzitsi akayambira pa chitsanzo chimenechi, "went" amaleka kuoneka ngati chinthu chopanda mutu.

Zolakwa za maonekedwe zomwe mphunzitsi aliyense amazidziwa ndi izi:

(1) He goed to Nchalo.
(2) He has went to Nchalo.
(3) He did not went to Nchalo.

Chiganizo (1) chimasonyeza kuti mwana waligwira lamulo la -ed ndipo walifikitsa pomwe silifika. Ana obadwira m'Chingerezi nawonso amadutsa pomwepa. Ziganizo (2) ndi (3) zimakonzedwa ndi malamulo atatu. "Went" amaima yekha, popanda mneni wothandiza. "Have", "has" ndi "had" amatsatidwa ndi "gone". "Did", "will" ndi "can" amatsatidwa ndi "go", chifukwa nthawi imakhala itanyamulidwa kale ndi mneni wothandizayo.

3. Tanthauzo

Wophunzira atha kudziwa malamulo onsewa koma n'kunena zomwe sakufuna kunena. Tiyeni tione ziganizo zitatu izi, zomwe zonse n'zolondola:

(4) Father went to Bangula on Monday.
(5) Father has gone to Bangula.
(6) Father has been to Bangula.

Chiganizo (4) chikunena za ulendo womwe udachitika pa tsiku lodziwika, ndipo sichikutiuza komwe bambowo ali tsopano. Chiganizo (5) chikuti bambowo palibe: ali ku Bangula kapena ali panjira. Chiganizo (6) chikuti adafikako ndipo adabwerako. Motero m'nthawi yathayi mneni "go" ali ndi maonekedwe awiri, "gone" ndi "been", ngakhale mindandanda ya m'mabuku imapereka "been" kwa mneni "be" yekha.

Palinso kusiyana kwina. M'Chichewa nthawi yathayi imalola kutchula ola lomwe chinthu chachitikira lero: "Bambo apita ku Bangula 6 koloko m'mawa uno." Chingerezi chimakana kuphatikiza "has gone" ndi ola lotchulidwa, ndipo pamenepo chimafuna "went". Wophunzira amene adauzidwa kuti "apita" ndi "has gone" nthawi zonse amalemba chiganizo cholakwika ichi:

(7) Father has gone to Bangula at six o'clock this morning.

Chochititsa chidwi n'chakuti Chichewa chili nako kale kusiyana kwa pakati pa (5) ndi (6). Mark Hanna Watkins, m'buku lake la malamulo a Chichewa la mu 1937, lomwe adalemba mothandizidwa ndi Kamuzu Banda pomwe Banda amaphunzira ku Chicago, adaona kuti nthawi zina zakale zimasonyeza kuti zotsatira za ntchito zikadalipo, pamene zina zimasonyeza kuti zidafafanizika. Tikati "apita" kapena "adapita", womvera amaganiza kuti munthuyo sanabwere. Tikati "anapíta", mokweza liwu pa -pi-, kapena "adaapita", motalikitsa lembo laliwu, womvera amaganiza kuti munthuyo adabwerako. Koma kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, choncho kusiyanaku kumazimirira pabolodi. Chinanso, anthu ambiri a m'chigawo cha kumwera amakonda -na- pamalo pa -da-, ndipo sitingayembekezere kuti mwana wa ku Ngabu amve zonse zomwe Watkins adamva m'Chichewa cha ku Kasungu. Njira yodalirika ndi mphatikiri -ko, yemwe amalembeka: "Bambo adapitako ku Bangula" ndi chiganizo chogwirizana bwino ndi (6).

Nkhani imeneyi sithera pa mayeso. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, ndiponso namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, adasonkhanitsa anthu ambiri a m'chigwachi m'misasa, momwe malipoti ambiri amalembedwa m'Chingerezi. Tiyerekeze kuti mlembi wa pamsasa wina ku Nsanje akufuna kunena kuti mayi wina adakaona abale kutsidya kwa malire ndipo wabwerako, koma walemba kuti "she has gone to Mozambique". Wowerenga lipotilo ku boma adzamva kuti mayiyo adachoka, ndipo dzina lake litha kuchotsedwa pa mndandanda wa olandira ufa.

4. Mwana Woyankhula Chisena

Zonse tanenazi zikutengera kuti mwana amamva Chichewa. Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo ndicho chimene aphunzitsi ambiri amathawirako Chingerezi chikavuta. Kwa mwana woyankhula Chimang'anja njirayi imathandiza, popeza Chimang'anja ndi Chichewa n'zapachibale kwambiri. Koma m'madera ambiri a Nsanje ndi m'madera ena a Chikwawa, chiyankhulo chapakhomo ndi Chisena, ndipo pa mneni wathuyu Chisena ndi Chichewa zimasemphana pawiri.

Poyamba, m'Chisena "kupita" ndi kulowa. Wolandira mlendo pakhomo amati "pitani". Mneni wogwirizana ndi "go" ndi -enda. Kachiwiri, mphatikiram'kati -na-, yemwe m'Chichewa amasonyeza nthawi yakale, m'Chisena amasonyeza zomwe zikuchitika kapena zomwe zichitike: "anaenda" sanena za dzulo ayi. Zochitika kawirikawiri zimasonyezedwa ndi -sa-, monga "asaenda", ndipo zomwe zinkachitika kale zimasonyezedwa ndi -kha-, monga "akhaenda".

Tsono tiganizire mphunzitsi wochokera ku Dedza amene walemba pabolodi kuti "he went" ndi "anapita". Mwana amene Chichewa sichinamulowerere atha kumva kuti munthuyo alowa. Tanthauzo lasokonekera, nthawi nayonso yatembenuka, ndipo mphunzitsi sakudziwa kuti chilipo chomwe chalakwika, pakuti zomwe walemba n'zoona m'chiyankhulo chake. N'zoona kuti ana a m'chigwachi amatola Chichewa msanga pawailesi, kumsika ndi kutchalitchi. Koma maziko a nthawi za aneni amayalidwa m'makalasi oyambirira, pomwe Chichewa chawocho chimakhala chisanakhwime. Tionjezere pano kuti kufanana kwa kamvekedwe ka "went" ndi -enda kudangochitika mwangozi. Kutha kuthandiza mwana kukumbukira, koma mawu awiriwa alibe ubale.

5. Zoti Okonza Ndondomeko Aganizire

Mu 1996 boma lidalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo chawo, koma lamulolo silidayende monga lidalembedwera, makamaka chifukwa cha kusowa kwa mabuku. Lamulo la Maphunziro la mu 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Malamulo onse awiriwa sadayankhe funso lomwe pepala lino lafunsa: mphunzitsi akafuna kumasulira "went" kwa mwana wa zaka 7 ku Makhanga, adzere m'chiyankhulo chiti?

Tikupereka maganizo atatu. Choyamba, buku la mphunzitsi wa Chingerezi likhale ndi tsamba loyerekeza nthawi za aneni m'Chingerezi, m'Chichewa ndi m'Chisena, ndipo lichenjeze za -pita ndi -na-. Ntchitoyi ndi yaing'ono, ndipo bungwe la Centre for Language Studies, lomwe lidalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, litha kuigwira pamodzi ndi aphunzitsi obadwira m'chigwachi. Chachiwiri, mndandanda wa mneniyu ukhale ndi maonekedwe anayi, "go, went, gone, been", ndipo aphunzitsidwe mochita kuonetsa: mwana atumidwe panja, anzake anene "he has gone", akabwerera, anene "he has been outside". Chachitatu, m'sukulu zophunzitsira aphunzitsi, onse otumizidwa ku Chikwawa ndi Nsanje aphunzireko nthawi za aneni a Chisena asanapatsidwe kalasi.

M'pepala lino taunika mneni mmodzi yekha. Aneni "come", "take" ndi "bring" akufunika kuunikidwa mwanjira yomweyi, ndipo tikupempha anzathu odziwa bwino Chisena ndi Chimang'anja kuti aipitirize ntchitoyi.