Magetsi a Nyali za LED m'Bokosi la Masewera a Arcade

M'zaka za m'ma 1980, chikwangwani cha pamwamba pa bokosi la masewera monga Pac-Man chinkawala ndi getsi lalitali la fluorescent. Lero okhoma mabokosi otere pakhomo amaikamo malamba a tinyali ta LED. Tsono magetsi ake achokere kuti?

Malamba ambiri amafuna mavoti 12 a DC. Magetsi a pakhoma angawapsereze pomwepo. Lamba wa mtundu wa 5050, wa tinyali 60 pa mita, amakoka ma amp pafupifupi 1.2 pa mita iliyonse, kotero mamita atatu afuna 3.6. Apa tigule adaputala ya ma amp 5, pakuti yogwira ntchito mpaka mphamvu zake zonse imatentha ndipo sikhalitsa.

Ngati m'bokosimo muli kompyuta, pulagi yake ya Molex itikwanira: waya wachikasu ndi wa mavoti 12, wofiira wa mavoti 5, ndipo akuda awiriwo ndi obwezera magetsi. Tisamale kwambiri pamenepa. Tinyali tosintha mitundu ta WS2812B ndi ta mavoti 5, ndipo tikatilumikiza ku waya wachikasu tapsa, ndalama zapita.

Amene masewera awo amayendera pa Raspberry Pi asatenge magetsi a lamba wautali pa USB yake. Kakompyutako kamaperewera mphamvu, masewera n'kuzima pakati. Nyali zikhale ndi adaputala yakeyake, ndi fyuzi pa waya wopita ku lambayo. Mbali ya magetsi a pakhoma tiisiyire wodziwa zamagetsi.