Kandege ka m'Bokosi Lakale

Ana inu, mudziwa kuumba ng'ombe zadothi, ndipo ena a inu mudziwanso kupinda waya kufikira asanduka galimoto. Ana a ku England nawonso ali ndi masewera otere, koma iwo ayambira kusitolo. Agula kabokosi, napeza m'katimo tizidutswa tambiri ta pulasitiki, timene akatilumikiza bwino tisanduka kandege kofanana ndi ndege yeniyeni. Si ana okha achita ntchito imeneyi, iyayi. Ngakhale akulu a imvi aikonda. Ndipo ena mwa akuluwo safuna mabokosi atsopano, koma afunafuna akale, amene anakhala m'nyumba zaka 50 osatsegulidwa. Lero tiphunzira za bokosi limodzi lotere, ndi za mmisiri amene alitsegula.

Tiyambe ndi ndege yaikuluyo, pakuti munthu sangathe kuumba ng'ombe asanaone ng'ombe. Dzina lake ndi Vampire, ndipo anaipanga ndi kampani ya de Havilland. Inauluka koyamba pa 20 September 1943 ku Hatfield, kumpoto kwa London, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse iri m'kati. Ndege zambiri za masiku amenewo zinali ndi chopalasira chozungulira kumphuno, chimene chipalasa mphepo monga nkhafi ipalasa madzi. Vampire inalibe chimenechi, pakuti inali ya mtundu wotchedwa jeti. Injini ya jeti imeza mpweya, niupanikiza, niusakaniza ndi mafuta a parafini, niuyatsa; ndipo mpweya wotenthawo utuluka kumbuyo mwamphamvu, nukankha ndege kumka nayo patsogolo. Mukauzira baluni ndi kuitaya osamanga kukamwa, mwaona kale nzeru yake. Ku England anayamba nzeru imeneyi ndi Frank Whittle, amene anailembetsa ku boma m'chaka cha 1930.

Maonekedwe a Vampire anali achilendo. Thupi lake linali lalifupi ngati dzira, ndipo mbali yake yakutsogolo, mokhala woyendetsa, inali ya matabwa opyapyala omatikizana. Mpweya unali kulowera pa mabowo awiri pamene mapiko akumana ndi thupi. Michira inali iwiri, yotuluka m'mapiko, yolumikizidwa kumbuyo ndi kaphiko kopingasa. Kodi anaipangiranji chotero? Injini zoyambazo zinali zochepa mphamvu, ndipo mpweya ukayenda m'chipaipi chachitali mphamvu ina itayika panjira. Chifukwa chake anafupikitsa thupi kuti mpweya utuluke msanga pakati pa michira iwiriyo. Mu December 1945, Eric Brown anatera ndi ndege ya mtundu umenewu pa sitima yankhondo yotchedwa Ocean, ndipo panalibe jeti ina inachitapo chotero. Mu July 1948, ma Vampire 6 anawoloka nyanja ya Atlantic, akupumula ku Iceland ndi ku Greenland, nakhala majeti oyamba kuoloka nyanjayo.

Tsono taonani pabokosipo. Palembedwa nambala yakuti 1/72. Tanthauzo lake ndi ili: chinthu chirichonse cha pa kandege chichepa ka 72 poyerekeza ndi cha pa ndege yaikulu. M'phazi limodzi muli mainchi 12, ndipo m'mapazi 6 muli mainchi 72. Chotero inchi imodzi pa kandege iimira mapazi 6. Munthu wamtali mapazi 6 akadachepetsedwa motere, akadakhala wa inchi imodzi yokha. Vampire yotchedwa FB.5 inali ya mapazi 38 kuchokera kunsonga ya phiko lina kufikira kunsonga ya linzake, ndiwo mainchi 456. Tikagawa ndi 72 tipeza mainchi 6 ndi limodzi la magawo atatu, ndiwo masentimita 16. Utali wake unali mapazi 30 ndi mainchi 9, ndipo pa kandege ukhala mainchi 5 ndi kakang'ono, ndiwo masentimita 13. Musaiwale masamu amenewa, pakuti ntchito yonse ya mmisiri wathu iyenda pa iwo.

Mabokosi a muyeso umenewu ndi akalekale. Kampani ya FROG ya ku England inayamba kugulitsa tindege ta pulasitiki ta 1/72 m'chaka cha 1936, ndipo pambuyo pake inapanganso chifanizo cha Vampire. Inatha m'chaka cha 1976, ndipo zikombole zake zambiri zinamka ku Soviet Union, kumene anthu anapitiriza kuumba nazo. Inde, zikombole, pakuti tizidutswato tiumbidwa monga njerwa. Asungunula pulasitiki, namthira mwamphamvu m'chikombole chachitsulo, ndipo akazizira tizidutswa tituluka titagwirana ku tinthambi, monga nthochi ku mkoko wake. Koma mudziwa kuti chikombole cha njerwa chikagwira ntchito zaka zambiri chiphwanyika m'mbali, ndipo njerwa zake zituluka ndi milomo. Chachitsulo nachonso chikalamba. Ndiponso amisiri akale analibe makina osema mosalala ngati a lero. Chifukwa chake za m'bokosi lakale sizikumana bwino, ndipo ziyembekeza munthu wozikonza.

Mmisiri wanzeru safulumira kutsegula guluu. Poyamba awerenga tizidutswa tonse, natiyerekeza ndi pepala la malangizo, pakuti kamodzi kakasowa kapena kakathyoka, kulibe sitolo yogula kena. Atitsuka m'madzi ofunda a sopo kuti mafuta ndi fumbi zichoke. Kenaka adula kachidutswa kalikonse ku nthambi yake ndi mpeni wakuthwa, osati kupotokola ndi zala, chifukwa kupotokola kusiya bala. Apala zotsalira za m'mbali, zopyapyala ngati khungu la anyezi. Phiko likakhala lopindika chifukwa chogona zaka zambiri mopanikizika, aliviika m'madzi otentha koma osawira, naliwongola pang'onopang'ono, nalitsindira pathabwa kufikira lizizira.

Tsopano atenga rula, nayang'ana zithunzi za ndege yeniyeni. Apeza kuti m'mphepete mwa phiko, mbali yakumbuyo, muli mochindikala milimita imodzi. Ndi maso chioneka chaching'ono. Koma achulukitsa ndi 72, napeza mamilimita 72, ndiko pafupi kupingasa kwa chikhatho cha munthu, pamene phiko lenileni lithera mopyapyala. Chotero akhula mbali ziwiri za phikolo cham'kati ndi sandipepa asanazimatikize. Apezanso mizere yotukuka pamapiko, yosonyeza pamene malata akumana. Mzere wotukuka limodzi la magawo anayi a milimita ukhala mamilimita 18 pa ndege yaikulu, ngati chala chogonekedwa paphiko, ndipo ndege yothamanga siingakhale ndi mizere yotere. Aichotsa, nalemba ina yolowa m'kati ndi nsonga ya singano, akutsata rula. Umu ndimo kandege kakale kayamba kunena zoona.

Pali ntchito zina zimene ziyenera kuchitika thupi lisanatsekedwe, monga mayi aika mchere m'ndiwo mphika usanaphulidwe. M'mabokosi ambiri akale, mokhala woyendetsa muli mpando wokha. Mmisiri adula tizidutswa ta pepala lolimba, napanga pansi pake ndi chipupa chakumbuyo. Ang'amba timizere ta pepala tikhale malamba a pampando. Napaka utoto wakuda m'katimo. Aikanso katchinga kuseri kwa mabowo a mpweya, kuti munthu posuzumira asaone kuwala kutulukira mbali ina.

Choposa zonse ndicho cholemera cha kumphuno. Vampire iima pa miyendo itatu, umodzi kumphuno ndi iwiri pansi pa mapiko. Ndege yeniyeni inali ndi woyendetsa ndi mfuti 4 kutsogolo, ndipo inaima bwino. Koma kandege kali kagweregwere kutsogolo, pamene michira yake ilemera. Ndipo kakapanda kuthandizidwa kakhala pansi ndi michira, mphuno iri m'mwamba ngati galu wopempha. Tsono mmisiri amanga zonse ndi tepi popanda guluu, nagoneka kandege papensulo pamalo pamene padzakhala miyendo iwiri ija, naonjezera tizidutswa ta mtovu kumphuno kufikira mphunoyo iwerama. Pamenepo ndipo amata mtovuwo m'kati. Munthu amene aiwala ichi adzakumbukira tsiku lomaliza, kandege katapakidwa kale utoto, ndipo sadzapeza khomo lolowetsera mtovu koma kung'amba ntchito yake yonse.

Guluu wa ntchito imeneyi sali ngati ulimbo wogwira mbalame, umene ungomamatira pamwamba. Iye asungunula pulasitiki pang'ono mbali zonse ziwiri, ndipo zikauma zisanduka chinthu chimodzi. Chifukwa chake lamulo la amisiri nlakuti: yesa wopanda guluu, yesanso, ndipo pamenepo mata. Kadontho kamodzi kakwana; wochuluka atuluka m'mbali, ndipo chala chikakhudzapo chisiya chidindo chake.

Michira iwiri ndiyo iyesa mtima wa mmisiri. Ukakwera umodzi pang'ono, kaphiko kopingasa kapendekeka, ndipo ngakhale mwana aona kuti chinthuchi nchokhota. Nchifukwa chake amata michira yonse iwiri pamodzi ndi kaphikoko nthawi imodzi, guluu asanalimbe. Aika kandege pathabwa losalala, nachirikiza michira ndi timabokosi ta machesi tofanana, nawerama kufikira maso ake alingana ndi thabwa, nayang'ana chakumbuyo. Zikalunjika azisiya usiku wonse osakhudza. M'mawa apeza ming'alu pamene zidutswa sizinakumane. Aithira phala lake lomatira, monga mayi azira ming'alu ya chipupa ndi dothi, ndipo likauma akhula ndi sandipepa wonyowa, kuyambira wokhakhala kumalizira wosalala.

Zatsala zazing'ono zokometsa. Atenga kanthambi kopanda ntchito, nakazunguza pamwamba pa kandulo kufikira kafewa, nakachotsa pamoto ndi kukakoka. Ndipo kasanduka ulusi wopyapyala, umene adulako timilongoti ta wailesi. Chivundikiro choonekera cha pamutu pa woyendetsa chikakhala chachimbuuzi, achipukuta ndi mankhwala otsukira mano pakansalu kofewa. Chimenechi sachimata ndi guluu wosungunula uja, pakuti achititsa khungu. Achimata ndi guluu woyera wa matabwa.

Ma Vampire ambiri anali a utoto wasiliva, ndipo utoto umenewu subisa kanthu: kabala kalikonse kamene mmisiri anakalekerera kaonekera poyera. Apaka mopyapyala kawiri kapena katatu, akulinda kuti wapoyamba uume. Pomaliza pabwera zizindikiro zozungulira za bluu, zoyera ndi zofiira, zimene ziri papepala lake. Ukaliviika m'madzi, chizindikiro chiterereka nichimamatira paphiko. Pepala lakale lisanduka lachikasu, koma likakhala pazenera padzuwa masiku angapo liyera. Zizindikiro zina zakale zisweka zikangolawa madzi. Chotero mmisiri ayamba wayesa chimodzi chimene sachifuna, ndipo chikasweka apaka zotsalazo vanishi asanaziviike.

Pa zonsezi mmisiri asamala thupi lake. Mpeni aulozetsa kutali ndi zala. Atsegula zenera pogwira guluu ndi utoto, pakuti fungo lake lipweteka mutu. Asamba m'manja akagwira mtovu, chifukwa mtovu ndi poizoni. Ndipo mwana sachita za kandulo popanda wamkulu pambali.

Ntchitoyi itenga masabata, ngakhale kandege konse kakwana pachikhatho. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Koma kudekha kokha sikukwana, mmisiri anali ndi rula, ndipo pa kachidutswa kalikonse anafunsa kuti, “Kodi chimenechi chikadakula ka 72 chikadaoneka bwanji?” Inunso, tsiku limene mudzapindanso waya, yambani mwayesa galimoto yeniyeni ndi chingwe, utali wake ndi msinkhu wa mawilo ake. Gawani zonse ndi nambala imodzi, ndipo mudzaona anzanu alikutchula dzina la galimotoyo inu musanawauze.

Mafunso

1. Kodi anapatsiranji Vampire michira iwiri?
2. Basi ya utali wa mapazi 36 ikachepetsedwa ka 72, idzakhala ya mainchi angati?
3. Nchifukwa ninji mtovu uyenera kulowa thupi la kandege lisanatsekedwe?
4. Kodi guluu wa pulasitiki asiyana bwanji ndi ulimbo?