Za Laputopu Ikadwala M'nyumba

Atate ndi amayi a m'mabanja athu, mwezi uno tifuna kucheza nanu za chinthu chimene makolo athu sadachione, koma chimene lero chalowa m'nyumba zambiri za m'midzi, ndicho kompyuta yonyamula m'manja imene anthu aitcha laputopu. Ena adaigula atagulitsa fodya kapena soya kuti mwana apite nayo ku koleji. Ena adailandira kwa mbale wa ku Joni. Ndipo pa matchalitchi ambiri maina a akatekumeni alembedwa m'menemo tsopano. Chinthu chogulidwa ndi thukuta lotere chikadwala, nyumba yonse idwala nacho pamodzi.

Ife tomwe zidatigwera. Kutatsala masiku asanu kuti Ambuye Episkopi adzapereke Ulimbitso, laputopu ya pa tchalitchi pathu idakana kuyaka, m'kati mwake muli maina a ana onse amene tidawaphunzitsa chaka chathunthu. Mnyamata wina wa pa msika, atangoiyang'ana kunja kokha, adati yapsa m'kati, natchula mtengo woposa wa mbuzi. Tidabwerera nayo nkhope zili zakugwa. Koma madzulo ake, posuntha kabati, tidapeza kuti khoswe adatafuna chingwe cha chaja. Makinawo adalibe nthenda konse. Idali njala chabe, pakuti batire idatha ndipo magetsi sankafikamo.

Chifukwa chake tikuti, musafulumire kuitsegula, ndipo musafulumire kulipira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani panja, pa njira imene magetsi alowera. Yesani soketi ya pakhoma ndi chinthu china, monga chaja ya foni. M'pulagi ya mano atatu muli kafyuzi kamene nthawi zina kapsa kokha, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Kenaka zulani chingwe pakhoma, muchiyendetse m'zala kuyambira uku kufikira uko, makamaka pamene chitulukira m'kabokosi ndi pafupi ndi msonga yake, pakuti ndipo chiduka kawirikawiri kaamba ka kuchikulunga molimba. Kabokosi kameneko musakaswe ai. Kasunga mphamvu ya magetsi ngakhale mutakazula.

Mukafuna kubwereka chaja kwa mnansi, werengani zolembedwa pa kabokosi. Magetsi a pakhoma kuno kwathu ali 230 V, koma chaja iwachepetsa kufikira 19, 19.5 kapena 20 V pa malaputopu ambiri. Nambala ya V ya chaja yobwereka ilingane ndi ya chaja yanu. Nambala ya A ilingane kapena ipose, koma isachepe. Msonga ilowe yokha popanda kuikakamiza. Machaja ambiri a Dell ndi HP ali ndi kasingano pakati pa msonga. Kakapindika kapena kuthyoka, laputopu ikhoza kuyaka ndithu koma batire osadzaza, ndipo anthu ambiri agula batire yatsopano pachabe chifukwa cha kasingano kameneka. Inu a sola, musalumikize laputopu mwachindunji ku batire ya 12 V. Pafunika inveta pakati. Ndipo nonse, magetsi akathima zulani chaja kufikira atabwera ndi kukhazikika, teronso mvula ya ziphaliwali ikayamba.

Chaja ikakhala bwino koma makina ali duu, chotsani chaja, mafulashi onse, ndi batire ngati ili yochotseka kunja. Dinikizani batani loyatsira masekondi 30, nimubwezere chaja yokha. Kanthu kakang'ono aka kadzutsa malaputopu ambiri amene eni ake adawalira kale.

Tsono tinene za fumbi, pakuti ndilo mdani wamkulu kuno kumudzi. M'kati mwa laputopu muli kafani kokoka mphepo pansi ndi kuitulutsa m'mbali kapena kumbuyo, kuti kaziziritse purosesa, ndiko kachipangizo kamene kachita ntchito yonse yowerengera. Fumbi la m'chilimwe likasanganikirana ndi utsi wa kukhitchini, lipanga chinthu chonga thonje lopota, nilitseka timazenera totulukira mphepo. Pamenepo mumva kafani kalira ngati njuchi, pansi patentha, ntchito iyenda mochedwa, ndipo mwadzidzidzi makina azima okha. Kuzimako si kufa ai. Kutentha kukayandikira madigiri 100, purosesa idzithimitsa yokha kuti isapse. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala nthendayi ichuluka ndithu.

Mankhwala ake ndi mswachi wakale wouma. Thimitsani, zulani chaja, nimusese timazenerato mofatsa. Mukafuna kupemerera, pampu ya njinga yopanda mafuta ithandiza, koma gwirani kafani ndi kamtengo kuti kasazungulire mopitirira muyeso. Musauzire ndi pakamwa, pakuti mpweya wa munthu uli ndi chinyezi. Ndipo tikupemphani, amayi, muletse ana kuika laputopu pa bulangete kapena pa matiresi, pakuti kutero n'kuitseka mphuno. Iikidwe pa tebulo kapena pa thabwa. Mphemvu nazonso zikonda malo ofunda, nyerere zitsata shuga wogwera pa kiyibodi. Koma musapoperemo mankhwala a tizilombo, angaononge koposa mphemvuzo.

Fumbi likakhala lambiri m'kati, chivundikiro cha pansi chiyenera kuchoka. Amene ali ndi manja odekha angathe kuchita izi, pokhapokha ngati nthawi ya chitsimikizo cha wogulitsa idatha. Jambulani pansi pa laputopu pa pepala, ndipo sikuluwu iliyonse muiike pa malo ake pa chithunzicho, pakuti sizilingana kutalika, ndipo yaitali ikalowa pa malo a yaifupi iboola za m'kati. Gwirani chitsulo china musanakhudze kanthu, kuti magetsi obisika m'thupi achoke. Ndipo choyamba kumasula chikhale chingwe cha batire. Pamene pakana, musakanule ndi mpeni: pali sikuluwu imene simunaione, mwina pansi pa timiyendo ta labala.

Nthawi zina makina ayaka, kafani kamveka, koma sikirini ili bii. Walitsani tochi pa galasi mopendeketsa: mukaona zithunzi zozilala, kompyuta ili moyo, nyale ya sikirini kapena chingwe chake ndicho chavuta. Ngati pali TV pafupi, ilumikizeni ndi chingwe cha HDMI; zithunzi zikaoneka kumeneko, mwadziwa kuti vuto lili pa sikirini pokha. Zikapanda kuoneka konse, kawirikawiri ndi RAM, kathabwa kakang'ono kogwidwa ndi tizitsulo tiwiri m'mbali, kamene kasuntha laputopu ikagwedezeka pa njinga. Kankhirani tizitsuloto kunja, kathabwa kadzuka kokha. Kachotseni, nimukabwezere mopendeka kufikira katamveka kuti tha. Pa malaputopu ena atsopano RAM idawotchereredwa, ndipo pamenepo palibe chimene mungachite kunyumba. Zithunzi zikamaphethira potsegula ndi potseka, chingwe chodutsa pa mahinjesi chatopa. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri, koma inu phunzitsani ana kutsegula chivundikiro pogwira pakati, osati pa ngodya.

Laputopu yoiwala tsiku ndi ola nthawi zonse poyatsa ingofuna kabatire kozungulira konga ndalama, ka 3 V, kamene pa makina ambiri katchedwa CR2032.

Madzi kapena tiyi zikatayikira pa kiyibodi, musadikire kuona ngati igwirabe ntchito. Dinikizani batani kufikira itazima, zulani chaja, muitembenuze chafufumimba ili yotsegula ngati denga la nyumba, ndipo ikhale pamthunzi podutsa mphepo masiku awiri kapena atatu. Padzuwa ai, pamoto ai. Za kuikwirira mu mpunga tidazimva ifenso, koma mpungawo kuli bwino udyedwe. Ngati chotayikacho chili ndi shuga, monga tiyi kapena thobwa, kuuma kokha sikukwanira, pakuti zotsalira zidya timawaya pang'onopang'ono. Ipite kwa mmisiri akaitsuke.

Pali nthenda imodzi imene tikuletsani ndithu kuichiza nokha, ndiyo batire yotupa. Mukaona malo oyendetsa chala atukuka, kapena chivundikiro cha pansi chikana kutsekeka, batire yatupa ndi mpweya, ndipo ikaboowoledwa kapena kupsinjidwa ikhoza kuyaka moto wovuta kuzima. Musaidzazenso. Iikeni pa mchenga kapena pa simenti, kutali ndi denga la udzu ndi ana, kufikira mutaitengera kwa wodziwa. Musaiponye pamoto, kapena kudzala kumene anyamata atentha zinyalala. Malaputopu ambiri agwirabe ntchito ndi chaja yokha batire itachotsedwa.

Zonse tanenazi zili ndi mtengo wake m'sitolo. Chimene sichigulika ndi zolembedwa zanu. Malaputopu akale asunga zimenezi pa hard disk, kambale kozungulira kawirikawiri ka 5400 pa mphindi imodzi, kamene sikafuna kugwedezedwa makina ali chiyakire. Mukamva kulira kwa "tiki, tiki" m'kati, ndipo mafayilo achedwa kutseguka, kambaleko kali pafupi kufa: kopererani zofunika pa fulashi tsiku lomwelo, kuyambira zimene simungazipezenso kwina. M'malo mwake muikemo SSD, imene ilibe chozungulira, ipirira kugwedezeka, ndipo ifulumizitsa makina okalamba koposa. Koma nayonso ikhoza kufa, ndipo imafa osachenjeza.

Ife usiku uja tidabwereka chaja kwa aphunzitsi a pa sukulu, titafananiza manambala pa kuwala kwa tochi, ndipo laputopu idayaka. Tisanagone tidakopera maina onse pa fulashi, ndipo m'mawa mwake, itatha Misa, tidakhala pansi ndi a komiti awiri, mmodzi kuwerenga, mmodzi kulemba ndi cholembera m'buku lalikulu la tchalitchi. Chingwe chatsopano chipachikidwa pa msomali tsopano, pamene khoswe safika.