KODI NDALAMA ZIKACURUKA, CIMANGA CICURUKANSO?

Alimi ambiri amafunsa kuti: popeza Boma ndilo mwini ndalama, lilekeranji kusindikiza zambiri kuti yense akhale nazo? Funso ili nlabwino, ndipo yankho lace dziko lathu linaliona kale ndi maso.

Iripo nthawi imene kuonjeza ndalama kuthandiza ndithu. Ngati nkhokwe ziri zodzala koma ogula alibe kanthu m'thumba, ndalama zatsopano zidzutsa malonda. Mai wa ku Matero agula nyemba, wogulitsayo aitanitsa zina ku Petauke, ndipo mlimi akuza munda wace caka camawa. Koma katundu akakhala wocepa, ndalamazo zingolimbirana matumba omwe aja, mtengo nukwera.

Ndimo zinacitikira mtengo wa kopa utagwa mu 1975. Boma linali kulipirako mbali ya mtengo wa unga kuti a m'matauni azigula mocipa, ndipo thumba lace litaperewera linayamba kukongola ku Bank of Zambia. Kutero ndiko kupanga ndalama popanda kuonjezapo ngakhale citsononkho cimodzi. Kwacha inanka nipepuka. Mu June 1990, mtengo wa unga utakwezedwa kuposa kawiri, mu Lusaka munabuka cipolowe. Masitolo anaswedwa m'makomboni, ndipo anthu oposa 20 anafa. Mu 1993 mitengo ya zinthu inakwera pafupifupi katatu m'caka cimodzi cokha.

Za cipolowe aliyense anamva, koma bvuto la mlimi linali lacete, ndipo ife tiyesa kuti linali lalikuru koposa. Wogulitsa tomato pa msika wa ku Kanyama kapena ku Chawama angathe kukweza mtengo sabata iri yonse. Mlimi agulitsa kamodzi pa caka. Anapereka cimanga cace mu July pa mtengo woikika ndi Boma, malipiro nacedwa miyezi; pofika ndalamazo m'manja mwace, zinali zosakwanira kugula feteleza amene zikadagula tsiku logulitsa lija. Amene anasunga mbuzi anapambana amene anasunga mapepala m'citini.

Mu 1993 momwemo Boma linadziikira lamulo lakuti lisaononge ndalama zoposa zimene lasonkhanitsa. Mitengo inayamba kukwera pang'onopang'ono, ngakhale mankhwalawo anali owawa, pakuti ngongole za ulimi zinasowa ndipo ciongoladzanja cinakula. Zipsera za zaka zija zinakhalabe pa ndalama zathu kufikira pa 1 January 2013, pamene anacotsapo maziro atatu, pepala la K50,000 nilisanduka K50.