Kusamala Galimoto: Luso la Kutsitsa Giya

Aliyense amene adatsikapo mtsetse wa Chikwawa kuchokera ku Blantyre, kapena wa Chiweta pa msewu wa M1, adziwa kuti pamalo otere moyo wa anthu umakhala m'manja mwa woyendetsa. Mabuleki akapondedwa kosalekeza amatentha kwambiri, mafuta ake amatha kuwira, ndipo galimoto imakana kuima. Nchifukwa chake woyendetsa wanzeru amatsitsa giya asanayambe kutsetsereka, kuti injini izigwira galimoto.

Komatu kutsitsa giya mosasamala kumawononga. Pa liwiro lomwelo, injini imazungulira mofulumira pa giya 3 kuposa pa giya 4. Mwachitsanzo, ngati inali kuzungulira maulendo 2,000 pa mphindi, ingafunike kufika pafupifupi 2,700. Woyendetsa akangotula kilatchi mwadzidzidzi, kusiyana kumeneku kumagwera pa mbale ya kilatchi, imene imaperepeseka, ndipo galimoto imagwedezeka.

M'kati mwa giyabokisi mulinso timphete tamkuwa timene timalinganiza liwiro la magiya asanalumane. Kampani ya Cadillac ndiyo idayamba kugwiritsa ntchito njira imeneyi mu 1928. Timpheteti tikatha, giya imayamba kukukuta polowa.

Tsono chitani chotere. Yambani mwachepetsa liwiro ndi mabuleki. Pondani kilatchi mpaka pansi, pondani moto pang'ono kuti injini ikwere, lowetsani giya mosakakamiza, kenaka tulani kilatchi mofatsa. Madalaivala a malole akale, opanda timpheteti, ankaponda kilatchi kawiri, ndipo ankaponda moto giya ili pakati.

Pewani kulumphira giya 2 muli pa liwiro lalikulu, pakuti mawilo amakakamiza injini kuzungulira mopyola muyeso ndipo mavalavu angapindike. Musatsamiritse phazi pa kilatchi, kapena dzanja pa ndodo ya giya, chifukwa zitsulo zam'kati zimadyeka. Musatsike mtsetse giya ili pakati pofuna kupulumutsa mafuta, popeza potero mwasiyira mabuleki okha katundu yense.

Pamalo athyathyathya, poima, gwiritsani ntchito mabuleki. Kusintha mapadi a mabuleki nkotsika mtengo, pamene kusintha kilatchi kumafuna kuti makaniko atsitse giyabokisi yonse. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Sabata yamawa tidzaona za oyilo wa m'giyabokisi.