Chikhristu, chuma ndi umphawi m'chigwa cha Mua, Golomoti ndi Mtakataka

M'chigwa cha kumunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Golomoti kudzera ku Mua mpaka ku Mtakataka, anthu ambiri amadalira ulimi wa chimanga, mpunga ndi thonje, usodzi wa m'nyanja komanso ganyu, kotero kuti chiphunzitso chilichonse cha mpingo chokhudza chuma chimayesedwa ndi zomwe zili m'nkhokwe. Akhristu a m'derali amawerenga Baibulo limodzi, momwe muli Abrahamu yemwe adadalitsidwa ndi ziweto zambiri komanso munthu wachuma yemwe adalangidwa chifukwa chonyalanyaza Lazaro pakhomo pake, koma kamvedwe kawo ka nkhanizi kamasiyana malinga ndi mpingo womwe adakuliramo.

Amishoni asanafike, Achewa ndi Angoni a kwa Kachindamoto adali kale ndi muyeso wawo wa chuma. Pakati pa Achewa, mwamuna wopeza bwino ankayembekezeka kusamala mbumba yake, ndiko kuti alongo ake ndi ana awo, ndipo mwambi wakuti kupatsa n'kuika unkaphunzitsa kuti chomwe munthu wagawira mnzake chimasungika kudikira tsiku la tsoka. Munthu wolemera mwadzidzidzi, makamaka ngati adali womana, ankaganiziridwa kuti adakhwima, kutanthauza kuti adapeza chumacho ndi mankhwala oipa omwe amafuna moyo wa mbale wake, ndipo maganizo amenewa sadatheretu ngakhale pakati pa anthu opemphera.

Ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers, chomwe adachiyambitsa Kadinala Charles Lavigerie mu 1868, adatsegula mishoni ya Mua mu 1902, ndipo adaphunzitsa kuti mmphawi ali ndi ulemu wofanana ndi wa mfumu pamaso pa Mulungu, chiphunzitso chomwe chidaonekera poyera mu 1927 pomwe padakhazikitsidwa malo osamalira odwala khate, anthu omwe ambiri ankawasala. Komabe mishoniyo, ndi nyumba zake za njerwa, minda, sukulu ndi ntchito zolipidwa, idali malo olemera kuposa midzi yoizungulira, motero ambiri adaona Chikhristu ngati khomo lotulukira mu umphawi, pomwe akuluakulu a Nyau, omwe adalimbana kwambiri ndi ansembe m'zaka za m'ma 1920, ankaona kuti sukulu ikuwalanda achinyamata. Mu 1976 Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a KuNgoni, komwe amisiri osema adayamba kupeza ndalama ndi luso lawo, zomwe zikusonyeza kuti mishoni sidaone kupeza phindu ngati tchimo, malinga ngati phindulo lichokera m'thukuta la munthu.

Mbali ina ya chiphunzitso cha Katolika imafunsa chomwe chimasaukitsa anthu, osati kungowapatsa chithandizo. Maganizowa adakhazikika ndi kalata ya Papa Leo XIII ya mu 1891 yotchedwa Rerum Novarum, yomwe idateteza ufulu wokhala ndi katundu komanso malipiro oyenera a antchito, ndipo ku Malawi adamveka mwamphamvu pa 8 Marichi 1992, pomwe maepiskopi adatulutsa kalata yodzudzula kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka, malipiro ochepa komanso mitengo yotsika ya zokolola. Kwa mlimi wa mpunga wa kusikimu ya Bwanje, yemwe amagulitsa motchipa kwa mavenda nthawi yokolola n'kudzakongola ndalama za katapila, zomwe chiwongoladzanja chake n'chokwera kwambiri, mvula ikayamba, chiphunzitsochi chimatanthauza kuti umphawi si chilango cha Mulungu koma nthawi zambiri ndi zotsatira za malonda opondereza. Bungwe la CADECOM limagwira ntchito za chitukuko m'dzina la mpingo, koma chithandizo chofika msanga chimachokera m'miphakati, yomwe ndi magulu ang'onoang'ono a mabanja oyandikana omwe amapemphera pamodzi, kusonkherana pamaliro ndi kuyendera odwala.

Mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Nkhoma, womwe mizu yake ili mu mishoni ya Dutch Reformed yomwe idayamba ku Mvera mu 1889, umatsindika ukapitawo, ndiko kuti munthu si mwini wake wa chuma koma woyang'anira chabe, yemwe adzafunsidwe mmene adachigwiritsira ntchito. Pachiphunzitsochi khama, kupewa mowa ndi kusunga ndalama zimaonedwa ngati zipatso za chikhulupiriro, ndipo chakhumi, zopereka za masika ndi ntchito zachifundo za amayi a Chigwirizano ndizo njira zobwezera kwa Mulungu gawo la zomwe adapatsa munthu.

Chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994, mipingo ya Pentekoste yafalikira kwambiri, ndipo ina mwa iyo, ngakhale si yonse, imalalikira kuti umphawi ndi temberero lofunika kulimasula ndi pemphero, komanso kuti wopereka ndalama kwa mtumiki wa Mulungu akufesa mbewu yomwe idzabale chuma chochuluka. Uthengawu umakopa achinyamata ndi ochita malonda ang'onoang'ono chifukwa umawauza kuti kulakalaka nyumba ya malata si dyera, ndipo umachotsa pa munthu wolemera chikayiko cha kukhwima pomutcha wodalitsika. Otsutsa, omwe ena ndi abusa a Pentekoste omwewo, amadandaula kuti chiphunzitsochi chimasenzetsa mmphawi mlandu wa kuchepa chikhulupiriro pomwe vuto lake ndi chilala, kusefukira kwa madzi kapena kukwera mtengo kwa feteleza.

Pakati pa ziphunzitso zonsezi palibe chomwe chimayamikira njala, ndipo palibe chomwe chimaletsa Mkhristu kulemera. Kusiyana kwake kwagona pa yankho la funso lakuti mmphawi wasauka chifukwa cha ndani. Anthu wamba a m'chigwachi, kaya ndi a mpingo uti, amaweruzabe munthu wachuma ndi mafunso awiri omwe makolo awo ankafunsa, akuti chumacho chidabwera bwanji ndiponso akudya nawo ndani, ndipo mipingo imakhulupirika pamaso pawo pokhapokha ikalola kuti mafunso omwewo afunsidwenso pa zopereka zomwe imalandira.